Chiarabu cha ku Joni

"Chiarabu chonse chili m'mutu muno!" adatero Silvester Goliati, akudzigogoda pachipumi ndi chala chovala mphete yamkuwa. "Cha ku Dubai, cha ku Iguputo, cha ku Oman, ngakhale chimene ngamira zimanong'onezana zikatsala zokha. Zaka zisanu, abale anga! Mwarabu akandiona ankaimirira, n'kundipatsa mpando, iye n'kukhala pansi."

Lidali Lachitatu, tsiku la msika pa Lizulu, ndipo Silvester adali atakwera pamwamba pa matumba ake a kachewere ngati phungu wosaka mavoti. Mnyamata ameneyu Mulungu adammana zambiri, koma pakamwa adampatsa muyeso wa anthu atatu. Chibwerereni kunja chaka chathacho, dzina lake lenileni lidatsala pa chiphaso chokha. Msika wonse, kuyambira tsidya lino mpaka kuoloka msewu kulowa ku Mozambique, unkamutchula kuti a Dubai.

"Tatilawitseniko pang'ono, a Dubai," adatero mayi wina wogulitsa anyezi.

"Labasi, khoya! Bizafu, bizafu!"

Anthu adaseka, ena n'kuwomba m'manja. Koma Silvester sankayang'ana iwo. Maso ake adali pa benchi la tomato pomwe Rute Nangozo ankaika milu atazolika. Chionetsero chonsecho mwini wake adali mtsikana ameneyu. Padali patapita miyezi isanu ndi itatu chibwerere iye ku Oman, komwe ankagwira ntchito ya m'nyumba, ndipo adabwerako ndi zinthu ziwiri zokha: kachikwama kamodzi, ndi chizolowezi chovala malaya a manja aatali ngakhale dzuwa liswe mtengo. Silvester adamufunsira, iye n'kulola. Chotsala chidali abale.

Ndipo m'bale woyamba ankabwera apo, akupatula anthu ndi mapewa.

Maliro, mlongo wake wa Rute, ankapha mbuzi kuseri kwa msika. Dzinalo adampatsa chifukwa adabadwa tsiku loika agogo ake, koma anthu ankati makolowo adalosera. Adakhalako kundende chaka chathunthu atathyola chibwano cha munthu wina amene mlandu wake udali kuimbira Rute likhweru.

"Tsika," adatero Maliro.

"Aa, alamu! Mwadzuka bwanji, alamu?"

Alamu wachiwiriyo asanathe kutuluka bwino, Maliro adasolola thumba lapansi. Mulu wonse udagumuka, a Dubai n'kutera chagada pakati pa kachewere wobalalika. Asanadziwe kumwamba ndi pansi, bondo lidali pachifuwa, chibakera chonunkha mbuzi n'kutera pakamwa. Chachiwiri chidapeza diso.

"Ndinakuuza chiyani, iwe? Mlongo wanga wavutika kokwanira! Sakusowa wabodza womuonjezera!"

Silvester adapapasa pansi, dzanja n'kugwira ndowa yoyezera, ndipo adaiphwanyira pakhutu la Maliro. Idalira ngati belu la tchalitchi. Adagubuduzana mpaka mu ngalande, akabichi a eni ake akuphwanyika pansi pawo, amayi akukuwa, "Aphana! Aphana, anthuni!" Padafunika amuna anayi kuti amuzule Maliro, ndi mmodzi yekha kuti adzutse Silvester.

Munthu wanzeru akadangotola nsapato yake n'kumapita. Koma Silvester adaona kuti Rute waona zonse, ndipo manyazi adakwera kumutu.

"Kumenya ndiye umatha!" adakuwa, akulavula magazi. "Nanga Ida? Mlongo wako wamng'ono akulira ku Oman chaka chachitatu chino, pasipoti anamulanda, iwe uli pano kusenda mbuzi! Kamenye Mwarabuyo ngati ndiwe mwamuna! Ine foni imodzi yokha, mphindi zisanu, mwamuna ndi mwamuna mnzake m'chilankhulo chake, Ida akwera ndege!"



"Tabwerezanso, mwana wanga."

Adali a Mfundo, malume wawo wa Rute, mwini mbumba, munthu amene mawu ake ndiwo akadatsegula kapena kutseka ukwatiwo. Adali atabwera kudzagula mankhwala a kabichi, ndipo adaima chotsamira ndodo, akutsokomola chifuwa chimene adabwera nacho ku migodi.

"Mphindi zisanu, bambo," adatero Silvester, mawu atatsikako pang'ono.

"Ine ndinagwira ku migodi ya ku Joni nthawi ya Theba," adatero a Mfundo. "Kapitawo ukamdandaulira m'Chichewa ankangokuyang'ana ngati ukutsokomola. Ukamlankhula m'Chilapalapa, chilankhulo cha kumigodiko, ankatembenuka. Munthu amamva ndi khutu la kwawo. Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi ubwere kwathu ku Biriwiri. Mayunitsi ndigula ndine. Ida akatuluka, tumiza ankhoswe ako, ndidzawalandira ndi manja awiri. Ndipo iwe Maliro, ukamukhudzanso uyu lisanafike tsikulo, wakhudza ine."

* * *

Rute adamutengera ku mjigo wa kuseri kwa msika, n'kunyowetsa nsonga ya chitenje.

"Khalani bwino, ndikupukuteni."

"Waona mmene ndinamuchitira ndi ndowa ija?"

"Ndaona mmene anakuchitirani ndi manja okha." Adapukuta mlomo wong'ambikawo pang'onopang'ono. "A Sili, ku Dubai kuja munkakhala mbali iti?"

"Pafupi ndi nyumba yaitali ija."

"Yaitali ija."

"Eya. Yaitali kwambiri ija."

"Simunapiteko."

Silvester adafuna kuseka, mlomo n'kukana. Adayang'ana uku ndi uku. Padalibe munthu, kupatula mbuzi imodzi imene inkadikira nthawi yake kwa Maliro.

"Ndinadziwa tsiku loyamba lomwe," adapitiriza Rute, "pamene munandipatsa moni wa labasi uja. Kunyumba imene ndinkagwira kunachitika ukwati, ndiye kunabwera mayi wina wa ku Morocco kudzakongoletsa mkwatibwi. Polankhula ndi adona ankawongola lilime, ankamvana ndithu. Koma amayi ake atamuimbira foni anayamba chakwawo: labasi, bizafu, wakha. Nyumba yonse kukamwa yasa! Adona anachita kundifunsa ine, Mmalawi wotsuka mbale, kuti kodi mayiyu akulankhula Chifalansa?"

"Ndiye miyezi yonseyi umangondiyang'ana ndikudzivula?"

"Mumandiseketsa. Ndinali nditaiwala kuseka."

Apo Silvester adaulula, maso ali pa zala zakumapazi. Zaka zisanu zija adazithera ku Joni, akusesa ndi kunyamula mabelo m'sitolo ya zovala ya mkulu wina wa ku Morocco.

"Munthu wabwino, tinkadya mbale imodzi. Koma ndikanabwera kuno n'kunena kuti ndinali ku Joni, akanatembenuka ndani? Ku Ntcheu kuno nyumba iliyonse ili ndi munthu wake ku Joni, ngakhale agalu njira akuidziwa. Komabe, Rute, chimene ndinatola m'sitolomo si Chiarabu? Chiarabu ndi Chiarabu basi."

"Msena wa ku Nsanje ndi Mtumbuka wa ku Rumphi onse ndi Amalawi. Atsekereni m'chipinda, aliyense alankhule chakwawo, muone ngati atagwirizane za mtengo wa nkhuku. Kuli Chiarabu cha m'mabuku, chowerengera nkhani pa TV ndi chopempherera. Chimenecho onse amachimva, koma palibe amene amagulira nacho tomato. Cha ku Iguputo amachimva chifukwa cha mafilimu. Chanucho ndi cha kumathero kwenikweni, kumene dzuwa limalowera. Oman ali kumene limatulukira."

"Nanga iwe bwanji osaimba wekha, poti ukuchidziwa?"

Rute adamasula batani la padzanja n'kupinda malaya mpaka pachigongono. Pamkonopo padali chipsera chosalala, chosongoka kutsogolo, chotambalala kumbuyo. Silvester sadafunike kuuzidwa. Simbi yositira zovala imadziwika ndi aliyense.

"Bwana wa Ida ndi mchimwene wake wa amene anandichita izi. Ine ndinathawa, ndipo kwa iwo wothawa ndi wakuba. Ndinaimbapo kamodzi. Atangomva mawu anga, Ida anamutsekera m'chipinda masiku atatu, chakudya osampatsa. Munthu uja si wosewera naye, a Sili. Mukalakwitsa kuno, mbama imatera uko. Pitani kwa amalume lero lomwe, mukanene kuti unali mkwiyo chabe."

"Ndiye andithamangitse ngati galu wakuba mazira? Ndikutaye iwe?" Adamugwira dzanja lachipseralo. "Ndiphunzitse. Tili ndi masiku anayi. Ine mutu wanga ndi maginito."

"Kulankhula mungaloweze ngati nyimbo ya kwaya. Nanga akayankha?"

"Tikaona konko," adatero Silvester. Mawu amenewa, abale inu, adaika anthu ambiri m'manda kuposa malungo.

* * *

Lachinayi lonse foni yake inkangolira mauthenga.

"Popereka moni nenani kefu haluka, osati labasi," adalemba Rute. "Ponena kuti kwambiri, ndi wajidi, osati bizafu. Ndipo chonde osakweza mawu. Kumeneko wopempha amayamba ndi moni wautali. Mufunse za thanzi, za ana, za makolo, mpaka mutope. Za Ida zibwere kumapeto."

"Ndamva, aphunzitsi. Mphotho ya mwana wakhama ndi chiyani?"

"Mano amene atsalawo."

Silvester adaseka, n'kubwereza mawuwo katatu, kachinayi n'kuyamba kuganiza za suti imene adzavale pa chinkhoswe. Uthenga wina udalowa. Uwu sudali wa Rute.

Janeti adali ndi tiyirumu pafupi ndi siteji ya maminibasi. Rute asanabwere, Silvester adamwa tiyi wa mkaka mmenemo miyezi inayi, akulipira ndi malonjezo. Mchimwene wake wa Janeti ndiye ankagona chipinda chimodzi ndi Silvester ku Joni, ndipo chimenechi Silvester adali atachikankhira kuseri kwa mutu, kumene timasunga zinthu zimene tikufuna zife zokha.

Chidali chithunzi. Silvester mwini, tsache m'manja, kutsogolo kwa sitolo, kumbuyo kwake minibasi ya nambala ya ku Joni.

"Dubai wake ndi ameneyu?" adalemba Janeti. "Achimwene akupereka moni, akuti bulangete lawo lija munabwera nalo. Msiyeni wa ku Omaniyo pofika Loweruka. Apo ayi, Lamulungu ndikwera minibasi ya ku Biriwiri, ndikaonetse Maliro poyamba."

Lachisanu m'mawa Silvester adapita ku tiyirumu kukanyengerera, koma adapeza chitseko chili chotseka. Phokoso lidali ku mabenchi a tomato. Adathamanga.

Janeti adali ataima kutsogolo kwa Rute, manja m'chiuno, mawu akufika ku Mozambique.

"Wotsuka zimbudzi za Aarabu! Kumeneko anakukana, ndiye wabwera kudzatola amuna a eni? Ukubisa chiyani m'malayamo, mphere?"

"Janeti, pita ukaphike tiyi," adatero Rute, osadzutsa mutu.

Janeti adagwira dzanja la malaya n'kukoka. Nsalu idati kwee, kuchokera paphewa mpaka pansi. Chipsera chija chidaonekera poyera, dzuwa likuwala pamenepo.

"Taonani, anthuni! Anamudinda ngati ng'ombe ya ku dibi!"

Ena adayamba kuseka, koma kusekako kudafera pakhosi. Rute adadzuka pang'onopang'ono. Adagwira Janeti tsitsi ndi manja onse awiri n'kumugwetsera chafufumimba pa benchi. Tomato adaphulika. Adamudzutsa, n'kumugwetseranso. Benchi lidathyoka mwendo, onse awiri n'kugwa, Rute ali pamwamba, mbama zikugwa ngati matalala. Ndipo pamene ankamenya, m'kamwa mwake munkatuluka mawu amene palibe adawamvapo pa Lizulu. Chidali Chiarabu, chothamanga, chochokera kukhosi, chokalipa, mawu onse amene adamukalipira nawo zaka ziwiri iye atazolika. Sankamenya Janeti yekha ayi.

Silvester adaima ngati chitsa. Adatchera khutu ndi mtima wonse. Pa mawu onse amene adasefukira pamenepo, iye adatolapo awiri.

Atazindikira, adalumphira pakati. Adanyamula Rute m'chiuno, ndipo pamene ankakankha Janeti ndi dzanja linalo, mano adalowa m'chala cha mphete chija mpaka pafupa.

"Mayo! Janeti, chala changa!"

Janeti adalavula, nkhope yonse ili psuu, osadziwika kuti tomato ndi uti, magazi ndi ati.

"Loweruka lija ndafafaniza," adatero akupuma mwabefu. "Tikaonana Lamulungu, a Dubai."

Rute adaphimba chipsera chija ndi dzanja. Silvester adavula jekete n'kumufunditsa.

"Munamva zimene ndimanena?" adafunsa Rute motsitsa.

"Zambiri ndithu."

"A Sili."

"Mawu awiri."

"Bwana wa Ida amathamanga kuposa pamenepo."

* * *

Tisamunamizire mnyamatayu, Loweruka adayesa. Adakwera minibasi ya ku Biriwiri, chala chili chomanga ndi kansalu, diso lili bii, mawu oulula atawakonza bwinobwino kuyambira pa Lizulu mpaka potsikira. Adakwera chitunda, kudutsa madimba a kabichi, akubwereza: bambo, ndinalakwa, bambo, unali mkwiyo.

Adapeza a Mfundo pansi pa mtengo wa pichesi.

"Mkamwini wafika! Tengani mpando wa ndalema uja, osati chitsa!"

Mkamwini. Liwu limeneli lidamulowa Silvester ngati thobwa lozizira.

"Bambo, ndabwera kuti ndinene kanthu kena."

"Unena, unena. Zelesi! Tuluka udzamuone munthu uja!"

Mayi Zelesi, amayi ake a Rute, adatuluka akupukuta manja. Asanapereke n'moni womwe adagwada pa fumbi, patali pang'ono monga achitira apongozi, misozi ili mbwembwembwe.

"Bambo, ine ndilibe mawu. Kuofesi tinapita, anatiuza kuti tidikire. Amene anamutumiza uja foni anasintha. Abusa anapemphera mpaka mawu anasasa. Ndimati mwana wanga ndidzamuonera kumwamba." Adaloza chingwe cha zovala. "Yunifolomu yake ya kwaya ndachapa kale, iyo. Chipinda ndazira. Anzake a kwaya akuti akamuchingamira ku bwalo la ndege."

Silvester adayang'ana yunifolomuyo, yoyera ndi yobiriwira, ikupepeluka pa mphepo ya m'phiri. Adayang'ana mayi wogwadayo. Kuseri kwa khola adaona Maliro akusema mpini wa khasu, khutu lili lotupa, maso ali pa iye.

"Umati unene chiyani, mkamwini?" adafunsa a Mfundo.

Bodza likakula limayamba kudya mbale imodzi ndi mwini wake, ndipo limatapa kwambiri ndilo.

"Ndimati... mayunitsiwo mugule okwanira, bambo. Aarabu moni wawo ndi wautali."

Rute adamuperekeza mpaka pa msewu.

"Ndiwauze ndine?" adafunsa.

"Ukawauza, Maliro adzafunsa kuti unadziwa liti. Ndisiyire, Nangozo. Ndipereka moni, ndipempha mwaulemu, ndithokoza, ndidula. Akakana, ndidzati wakana. Palibe chingaonongeke."

"Lonjezani kuti simukweza mawu."

"Ndikulumbira pali amayi anga."

* * *

Nkhani idali itayenda. Lamulungu anthu sadapite kwawo atatuluka m'tchalitchi, adatsata a Mfundo ndi mabaibulo awo m'manja. A kwaya adabwera, akumadimba adabwera, ngakhale ena a tsidya la Mozambique adaoloka msewu kudzaona Mngoni wolankhula Chiarabu. Pakhomo pa a Mfundo netiweki ya ku Malawi inkagwira pamalo amodzi okha, pamwamba pa chulu cha m'kati mwa mpanda, choncho Silvester adakwezedwa pamenepo, suti yabuluu, magalasi akuda obisa diso. Anthu adakhala mozungulira ngati pa msonkhano wa chipani.

Kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chipata, adaona Janeti, mlomo uli wotupa, foni ili m'manja. Ankasuntha pang'onopang'ono kulowera kumene kudakhala Maliro.

Rute adalemba nambala, n'kutsegula sipika monga adalamulira amalume, n'kupereka foni.

Idaitana kanayi. Kenako mawu a mwamuna, olemera, aulesi.

"Salaamu aleikumu," adatero Silvester. "Kefu haluka?"

Munthu uja adayankha moniwo. Anthu adang'ung'udza mokondwa. Mayi Zelesi adagwira pachifuwa. Silvester adafunsa za ana, adafunsa za makolo, monga momwe adalowezera, ndipo zonse zidatuluka bwino ngati ndime ya pamtima ya Sande sukulu. Adatchula Malawi. Adatchula Ida.

Pamenepo nyimbo imene adaloweza idatha, ndipo mwini foni adayamba yake.

Mawu adabwera ngati mtsinje wa Mpamadzi utasefukira, opanda polowera, opanda potulukira. Munkamveka funso, kenako funso lina, kenako chete wodikira yankho. Silvester adayang'ana Rute. Rute adayendetsa milomo, koma anthu onse ankayang'ana, sakadatha kumuuza kanthu.

"Wajidi," adatero Silvester. "Wajidi, wajidi."

Munthu uja adafunsanso, tsopano mokweza.

"Bwanji mwangoti duu, a Dubai?" adafuula Janeti. "Mayunitsi akutha!"

"Akukukalipira ameneyo," adatero Maliro, ataimirira. "Ndiye iwe ukumunyengerera? Si unati mwamuna ndi mwamuna mnzake? Muopseze timve!"

"Muopsezeni!" adavomereza anyamata a kumadimba. "Adziwe kuti kuno ndi kwa Angoni!"

Janeti adali atafika pambali pa Maliro, akutsegula foni.

Munthu akamamira sasankha chogwira. Zonse za Rute zidauluka, ndipo m'kamwa mwa Silvester mudabwerera Chiarabu chake chenicheni, cha zaka zisanu, cha m'sitolo ya ku Joni. Adayamba ndi labasi ndi khoya. Adapitiriza ndi mawu oitanira makasitomala, a mitengo ya mathalauza, oitanitsira tiyi. Anthu adayamba kuwomba m'manja, pakuti tsopano chinkatuluka mosadodoma. Kuwombako kudamukwera. Adavula magalasi, adaloza kumwamba ndi chala chomanga chija, ndipo adakhuthula mawu aakulu amene bwana wake ankakuwa pothamangitsa akuba pakhomo pa sitolo, onse, mwandondomeko, mpaka lomaliza.

"A Sili, ayi!" adakuwa Rute.

Mochedwa. Zilankhulo zimasiyana pa moni, pa mitengo ya zinthu ndi pa mayina a ndiwo, koma chitukwano chimaoloka malire onse popanda pasipoti.

Kenako munthu uja adanena mawu ochepa, motsitsa kwambiri, ndipo kudamveka foni ikuikidwa pa tebulo, mapazi akuchoka.

"Akuti chiyani?" adafunsa a Mfundo, atagwira ndodo ndi manja awiri.

Silvester adayang'ana khamulo. Adayang'ana yunifolomu ya kwaya imene mayi Zelesi adabwera nayo ataipinda pamiyendo.

"Akuti wamva," adatero. "Akuti wapepesa. Wapita kukatenga pasipoti. Ida akwera ndege mwezi uno usanathe."

Nthungululu zidang'amba phiri. Mayi Zelesi adadzigwetsa pansi n'kuyamba kugubuduka, a kwaya adayambitsa nyimbo, anyamata awiri adakwera pachulu kuti amunyamule. Ngakhale Maliro adakankha foni ya Janeti osaiyang'ana. Rute yekha ndiye adaima chiimire, manja ali pakamwa, akupukusa mutu.

"Tamverani! Tamverani, foni ikulankhula!" adatero wina.

Mapazi ankabwerera, tsopano a anthu awiri, ena okokedwa. Kudamveka chitseko chikumenyetsedwa, kenako kupuma kwa munthu wolira. Mawu amene adatuluka pa sipika sadafune womasulira.

"Amayi? Amalume? Ndine Ida."

"Mwana wanga!" adakuwa mayi Zelesi. "Ukubwera, mwana wanga, ukubwera!"

"Amayi, mwandichita chiyani? Munthu ameneyo ndani? Abwana akuti ndikufunseni. Akuti zimene amalankhulazo sanamvepo kanthu, si Chiarabu cha kuno, akuti mwina ndi wamisala wa ku Morocco. Koma akuti amva pamene anawatchula kuti galu, mwana wa galu, ndi pamene anatukwana amayi awo. Akuti poti ndine ndapereka nambala yawo kwa anthu otukwana, ndiye ine... Amalume, atenga lamba! Rute, uwauze kuti sindine! Ru..."

Kudamveka kulira kwa chikopa pathupi, kamodzi, kawiri, ndi mfuu umene udadutsa m'mafupa a aliyense amene adali m'mpandamo. Foni idaduka.

Nyimbo ya kwaya idali itafa kale. Anyamata awiri aja adatsika pachulu chobwerera m'mbuyo. Janeti adayang'ana chithunzi chake, n'kubweza foni m'thumba, sichidafunikenso. Maliro adayenda mosathamanga kupita kuchipata, adachitseka, n'kutola mpini watsopano uja pamene adautsamiritsa dzulo lake. Pobwerera adaima kutsogolo kwa Rute.

"Iwe unakuwa kuti ayi Mwarabu uja asanayankhe," adatero. "Unadziwa liti kuti uyu ndi wabodza?"

A Mfundo adatsokomola nthawi yaitali. Atatha adapukuta pakamwa, n'kukweza maso kuyang'ana munthu amene adatsala yekha pamwamba pa chulu, foni ili m'manja.

"A Dubai," adatero mofatsa, "mwatimasulira bwino za pasipoti. Tsopano tatimasulireni kulira kumene tamvaku."